Funsani zimene mlimi wa mphesa amadya: njira yanga yodziwira vinyo ndi chakudya chake

Anthu ambiri ofuna kudziwa vinyo amayamba ndi kuloweza mayina a mabotolo, ndipo sapita nazo patali. Mayinawo ndi ankhaninkhani, ambiri ndi a Chifalansa ndi Chitaliyana, komanso botolo limene mwaloweza chaka chino, chaka chamawa limatuluka ndi kakomedwe kena chifukwa mvula ndi dzuwa sizinabwere mofanana. Ine ndagwira ntchito yothirira anthu vinyo m'malo odyera, ndayendanso m'minda ya mphesa, ndipo njira imene ndimaikhulupirira ndi ina. Sankhani dera limodzi, dziwani mtundu wa mphesa umene amalima ndi nyengo yake, kenako funsani kuti eni deralo amadya chiyani akamamwa vinyo wawo. Anthu amene akhala akumwa vinyo mmodzimodzi ndi chakudya chimodzimodzi kwa zaka mazanamazana anasefa kale zosagwirizana. Mukatero m'madera anayi kapena asanu, mudzayamba kuona chifukwa chake zinthuzo zimagwirizana, ndipo chifukwacho mudzachigwiritsa ntchito pa mbale iliyonse.

Yambani ndi lilime musanagule tikiti

Pali zinthu zinayi zimene pakamwa panu payenera kuzindikira. Choyamba ndi kuwawasa, asidi uja amene amachititsa malovu kutuluka m'mbali mwa lilime mukangomeza. Chachiwiri ndi tanini, amene amachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, penanso m'matabwa a mgolo. Iyeyu alibe fungo, mumangomumva akuumitsa nkhama ndi lilime, monga amachitira tiyi wopanda mkaka amene masamba akhalitsamo. Vinyo wofiira ali naye wambiri chifukwa madzi a mphesa amawira ali limodzi ndi makoko ake, pamene woyera amayamba afinyidwa, makoko n'kuchotsedwa. Chachitatu ndi shuga wotsala. Yisiti amadya shuga wa mu mphesa n'kumusandutsa mowa, ndipo akamudya yense vinyo amatuluka wosatsekemera, amene pa mabotolo amamulemba kuti dry, sec, seco kapena trocken, malinga ndi dziko. Chachinayi ndi kulemera kwake m'kamwa, kumene nthawi zambiri kumatsata mlingo wa mowa: wa 8 peresenti amadutsa mopepuka, wa 14.5 amadzaza m'kamwa n'kusiya kutentha pakhosi.

Zimenezi siziphunzirika powerenga. Gulani mabotolo awiri otchipa, Sauvignon Blanc woyera ndi Cabernet Sauvignon wofiira wa zaka zochepa. Pa mbale ikani kachidutswa ka ndimu, mchere pang'ono, nyama yonona yowotcha, tsabola wowawa ndi kakeke. Lawani vinyo aliyense payekha kaye, kenako nyambitani ndimu n'kumwanso. Mudzadabwa kuti kuwawasa kwa vinyo kwachepa ndipo zipatso zamveka. Mchere umachitanso chimodzimodzi, ndipo umafewetsa tanini wa wofiira uja. Nyama yonona imamusalaza kwambiri, popeza tanini amagwirana ndi mapuloteni a nyamayo m'malo mwa a m'malovu anu. Tsabola ndiye amaononga zinthu: mowa umaotcha kuwirikiza, tanini n'kuyamba kuwawa. Keke muilawe pomaliza, chifukwa ikangofika pa lilime mavinyo onse awiri amasanduka owawasa ndi opanda kanthu. Pafupifupi malamulo onse amene anthu amalemba pa nkhani ya vinyo ndi chakudya ali pa mbale imeneyi.

Kuwerenga botolo

Ku Ulaya botolo limatchula malo, ndipo amayembekezera kuti mtundu wa mphesa mukuudziwa kale. Chablis ndi Chardonnay, Sancerre woyera ndi Sauvignon Blanc, Barolo ndi Nebbiolo, Chianti kwenikweni ndi Sangiovese, Rioja wofiira kwenikweni ndi Tempranillo. Ku South Africa, Argentina, Chile, Australia, New Zealand ndi ku California amalemba dzina la mphesa ndi zilembo zazikulu, malo n'kubwera pambuyo. Mayina asanu a ku Ulaya amenewa mukawasunga, theka la mndandanda wa vinyo wa m'malo odyera limatseguka.

Chinanso choti muziyang'ana ndi kuzizira kapena kutentha kwa dera. Minda yambiri ya mphesa za vinyo ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera pa ikweta, kumpoto ndi kummwera komwe. Kumalo kozizira mphesa zimapsa pang'onopang'ono, asidi amatsala wambiri ndipo mowa umachepa. Kumalo kotentha shuga amachuluka, mowa umakwera, asidi amatsika. N'chifukwa chake Chardonnay wa ku Chablis ndi wa m'chigwa chotentha cha ku California simungakhulupirire kuti ndi mphesa imodzi. Ngati dera simukulidziwa, onani kanambala ka mowa kamene kali m'munsi mwa pepala la botolo. Kawirikawiri kamanena zoona kuposa mawu okometsera amene amalemba kumbuyo.

Madera amene amaphunzitsa bwino

Akandifunsa koyambira ndimati Loire, ku France, ngakhale anthu amayembekezera kuti nditi Bordeaux. Ku Sancerre kuli kamudzi kotchedwa Chavignol, kumene amapanga tchizi chaching'ono chozungulira cha mkaka wa mbuzi, Crottin de Chavignol. Mlimi wina kumeneko anandithirira vinyo wake m'chipinda chozizira chosungiramo migolo, n'kutulutsa mpeni m'thumba, kudula tchizi pa chivundikiro cha mgolo n'kundipatsa pa nsonga ya mpeniwo. Tchizicho pachokha chimamata m'kamwa ndipo chili ndi kafungo ka mbuzi. Nditamwera Sauvignon Blanc uja, kumatako kunachoka, kafungo kaja kanasanduka ngati ka mtedza, ndipo vinyo amene poyamba ankamveka wakuthwa anafewa. Zonse ziwiri n'zowawasa, choncho china sichiposa chinzake. Mukatsika ndi mtsinje womwewo mpaka pafupi ndi Nantes, kumene Loire amathira m'nyanja, mupeza Muscadet, vinyo wopepuka wowawasa amene amamwera nkhono za m'nyanja zija za oyster, zosaphika. Pamenepo vinyo akugwira ntchito ya ndimu, basi. Chakudya chilichonse chimene mungafinyirepo ndimu chimalandira vinyo woyera wowawasa.

Bordeaux imaphunzitsa tanini. Mitsinje ya Garonne ndi Dordogne imakumana n'kupanga Gironde, ndipo madziwo amagawa deralo. Ku Médoc nthaka ndi ya nsangalabwi, imatentha msanga ndipo madzi sakhalitsamo, ndiye Cabernet Sauvignon, amene amachedwa kupsa, amachita bwino. Kutsidya, ku Saint-Émilion ndi Pomerol, kuli dongo ndi miyala ya laimu, kumene Merlot wofewa ndiye mfumu. M'chaka cha 1855, pokonzekera chionetsero cha ku Paris mu ulamuliro wa Napoleon III, amalonda anasanja minda yotchuka m'magulu asanu potengera mitengo imene vinyo wake ankagulitsidwira, ndipo kusintha kwakukulu kumene kwachitika chiyambire ndi kwa mu 1973, pamene Mouton Rothschild inakwezedwa kulowa gulu loyamba. Mndandanda umenewu ndi wabwino kuudziwa, koma usakulamulireni ulendo. Minda ya mayina akuluakulu yambiri siilandira munthu wongotulukira, pamene minda ing'onoing'ono ya mabanja imakulandirani ndi manja awiri. Chimene muyenera kulawa kumeneko ndi nyama ya nkhosa ya ku Pauillac kapena nyama ya ng'ombe yowotchedwa pa nthambi zouma za mpesa, ndi wofiira wa ku Médoc. Vinyo amene payekha amakuumitsani m'kamwa, pa nyama yamafuta amakhala wofatsa.

Kummwera kwa mzinda wa Bordeaux kuli Sauternes. Kamtsinje kozizira ka Ciron kamabweretsa chifunga m'mawa nthawi yokolola, masana dzuwa n'kuwala, ndipo nkhungu inayake imagwira mphesa n'kuzifotetsa, madzi n'kuchoka, shuga n'kutsala. Mphesazo ukaziona ungati zawola zotaya, koma vinyo wake ndi wotsekemera ngati uchi ndipo ali ndi asidi womuletsa kukola. Amamumwera Roquefort, tchizi chamchere kwambiri cha mkaka wa nkhosa. Mchere ndi kutsekemera zimakokana bwino, ndipo a ku England anatulukira zomwezo ndi Port, vinyo wotsekemera wa ku chigwa cha Douro, ku Portugal, ndi tchizi chawo cha Stilton.

Burgundy ndimaikonda, koma imasokoneza oyamba kumene. Mphesa zazikulu ndi ziwiri zokha, Pinot Noir ndi Chardonnay, koma minda inagawidwa tizidutswa tambirimbiri, chilichonse ndi dzina lake, ntchito imene amonke anaiyamba kalekale ndipo UNESCO inaizindikira mu 2015. Munda umodzi wa Clos de Vougeot, wa mahekitala pafupifupi 50, uli ndi eni ake pafupifupi 80, ndiye dzina la mundawo lokha silikuuzani kuti vinyo ndi wabwino, muyenera kudziwanso wopanga. Khalani ku Beaune, bwerekani njinga, muyende pakati pa midzi, muone ndi maso kuti minda yapamwamba ili pakatikati pa chitunda, osati pansi kapena pamwamba penipeni. Pa tebulo, Pinot Noir ali ndi tanini wochepa ndi asidi wambiri, choncho amalowa paliponse: nkhuku, bakha, bowa, nyama yophikidwa mu vinyo. Anthu asanu akaitanitsa zakudya zisanu zosiyana koma akufuna botolo limodzi lofiira, ine ndinkawabweretsera ameneyu.

Ku Italy pitani ku Tuscany, pakati pa Florence ndi Siena, kumene kuli Chianti Classico wa chizindikiro cha tambala wakuda pakhosi pa botolo. Malire a deralo anayamba kulembedwa mu 1716 ndi Cosimo III de' Medici. Phunziro la kumeneko ndi tomato. Msuzi wa tomato ndi wowawasa, ndipo vinyo wofiira wonenepa wa kumalo otentha amafooka akakumana nawo. Sangiovese ali ndi asidi wokwanira kuyenda nawo limodzi. Chianti mukamumwa payekha mutha kunena kuti ndi wouma ndi waukali, koma sanapangidwire kumwedwa popanda mbale.

Ku Spain kuli malo awiri. Rioja, m'mbali mwa mtsinje wa Ebro, imaphunzitsa zimene mgolo ndi zaka zimachita. Wofiira wolembedwa Crianza amakhala zaka 2 asanagulitsidwe, Reserva zaka 3, Gran Reserva zaka 5, ndipo pa zaka zimenezi Crianza ndi Reserva amakhala chaka chimodzi kapena kuposa mu mgolo, Gran Reserva zaka ziwiri kapena kuposa. Lawani atatuwo motsatana kwa wopanga mmodzi. Mudzamva zipatso zikuchepa, fungo la vanila, chikopa ndi masamba ouma likubwera. Ku Haro opanga angapo akale anamanga moyandikana pafupi ndi siteshoni ya sitima, kotero mumayenda wapansi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Amadyera nthiti zing'onozing'ono za mwana wa nkhosa zowotcha.

Malo achiwiri, amene ambiri amawadumpha ndipo amalakwitsa, ndi Jerez de la Frontera ndi Sanlúcar de Barrameda, kummwera. Anthu amaganiza kuti sherry, vinyo wa kumeneko, ndi chakumwa chotsekemera cha agogo. Koma mitundu yake iwiri, Fino ndi Manzanilla, siitsekemera n'komwe. Amakhwimira m'migolo yosadzaza, pansi pa yisiti amene amayandama pamwamba n'kutchinga mpweya, ndipo amatuluka owala, a mowa pafupifupi 15 peresenti, okhala ndi kakomedwe kamchere. Muwamwe ozizira kwambiri ndi maolivi, nsomba zokazinga, mtedza wa amondi kapena nyama ya nkhumba youmitsa ndi mchere. Zakudya zimene zimagonjetsa mavinyo ena, monga zoviika mu viniga, Fino amazipirira.

Ku Germany, m'mbali mwa mtsinje wa Mosel, mipesa ya Riesling imamera pa zitunda za miyala ya sileti zotsetsereka moti alimi amagwira ntchito yambiri ndi manja. Wolembedwa Kabinett kapena Spätlese, ngati palibe mawu akuti trocken, nthawi zambiri amakhala ndi shuga pang'ono, asidi wambiri ndi mowa wa pakati pa 7.5 ndi 9 peresenti. Musungeni m'mutu ameneyu, tibwereranso kwa iye pa nkhani ya tsabola.

Kunja kwa Ulaya, dera losavuta kuyendamo kwa woyamba ndi la ku Cape, ku South Africa. Vinyo woyamba kumeneko anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, Simon van der Stel anakhazikitsa munda wa Constantia mu 1685, ndipo Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo anafika mu 1688 n'kukhala m'chigwa chimene lero ndi Franschhoek. Mbiri imeneyi ili ndi mbali yake yowawa, chifukwa minda yoyambayo inkalimidwa ndi akapolo, ndipo ndi bwino kusankha malo amene sabisa zimenezi akamakuyendetsani. Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town, minda yambiri ili ndi zipinda zolawiramo zotsegula tsiku ndi tsiku, ndipo ku Franschhoek kuli kasitima ndi mabasi oyendetsa alendo m'minda, kotero nkhani ya woyendetsa galimoto imakhala yatha. Alendo amathamangira Pinotage, mphesa imene Abraham Perold anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo ndi nyama yowotcha pa makala amakomadi. Koma ine ndinganene kuti chuma chenicheni cha kumeneko ndi Chenin Blanc, amene dzikolo limalima wambiri kuposa dziko lina lililonse. Wochokera ku mipesa yakale amatha kuyenda ndi nkhuku, nkhumba, nsomba yamafuta ngakhalenso kale (curry) wa zokometsera zambiri wosawawa kwambiri.

Mendoza, ku Argentina, ndi chipululu chothiriridwa ndi madzi osungunuka a m'mapiri a Andes. Malbec anachokera ku France cha m'ma 1850 ndipo anakapeza kwawo kwenikweni m'minda yokwera mamita 1,000 ndi kuposa, kumene masana kumatentha koma usiku kumazizira, asidi n'kusungika. Amamumwera nyama ya ng'ombe yowotcha, ndipo palibe chowonjezera pamenepo. Marlborough ku New Zealand, Napa ku California ndi Kakheti ku Georgia, kumene mpaka lero amawiritsa vinyo m'mitsuko yadothi yokwiriridwa pansi, ndi malo abwino, koma muwasungire ulendo wina.

Kayendedwe kake

Nthawi yokolola ndi yosangalatsa kuona koma si yabwino kucheza ndi wopanga vinyo, chifukwa amakhala alibe mpata ngakhale wokhala pansi. Kumpoto kwa ikweta amakolola kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, kummwera kwake kuyambira chakumapeto kwa Januwale mpaka Epulo. Ngati mukufuna kufunsa mafunso, pitani miyezi iwiri kapena itatu asanayambe kukolola, kapena atangomaliza. Ku France, Italy ndi Spain lembani uthenga kapena imbani foni musanapite, makamaka kwa alimi ang'onoang'ono, pakuti wokulandiraniyo ndi yemwenso amayendetsa thirakitala. Ambiri amatseka masana nthawi ya chakudya, ndipo Lamulungu musayembekezere zambiri.

Minda itatu pa tsiku ndi yokwanira. Wachinayi mumangopitako ndi miyendo, lilime litagona kale. Ndimakonda kusakaniza: wopanga wamkulu mmodzi, kumene amafotokoza ntchito yonse mwadongosolo, ndi ang'onoang'ono awiri, kumene mumamva zenizeni. Pakati pake idyani chakudya chamasana m'kamudzi komweko, muitanitse chimene eni ake akudya ndi vinyo wa m'deralo wa pa tambula. Chakudya chimenechi ndicho kalasi yeniyeni ya tsikulo, musachidumphe pofuna kuonjezera munda wina.

Lavulani. Pa tebulo lolawira pamakhala kachidebe, ndipo kulavuliramo si mwano, akatswiri onse amatero. Amakuthirirani pang'onopang'ono, koma mavinyo asanu m'minda itatu akaphatikizana mumapezeka mwamwa matambula angapo. Ngakhale mukulavula, woyendetsa galimoto akhale wina amene sakulawa, kapena lipirani wokuyendetsani. Musadzole mafuta onunkhira tsiku limenelo, musatafune chingamu, ndipo khofi mumwe kudakali m'mawa. Kalawidwe kake n'kosavuta: yang'anani mtundu, zunguzani tambula kuti fungo lituluke, lowetsani mphuno, kenako imwani pang'ono n'kumuyendetsa m'kamwa monse. Yambani ndi opepuka kupita kwa olemera, osatsekemera kupita kwa otsekemera. Lembani mawu awiri atatu pa vinyo aliyense m'mawu anuanu. Ngati akukununkhirani ngati udzu wongodula, lembani zomwezo, musabwereke mawu a pa kabuku kawo.

Safunsa anadya phula, koma mafunso ena ndi abwino kuposa ena. "Wabwino kwambiri ndi uti?" amakuyankhani ndi wodula kwambiri. Funsani kuti chaka chimenecho nyengo inali bwanji, mipesa ili ndi zaka zingati, migolo ndi yatsopano kapena yakale, ndipo koposa zonse, iwo kunyumba kwawo vinyo ameneyu amamumwera chiyani. Funso lomalizali limasintha nkhope ya munthu. Amasiya kulankhula ngati wogulitsa, n'kuyamba kukuuzani za mphika wa amayi ake. Kwa mlimi wamng'ono amene sanakulipiritseni polawa, gulani botolo ngakhale limodzi. Mabotolowo musawasiye m'galimoto yoima padzuwa, kutentha kumaphika vinyo m'maola ochepa, ndipo pokwera ndege alowe m'sutikesi yaikulu atakulungidwa m'zovala, mutafufuza kaye kuchuluka kumene dziko limene mukulowa limalola.

Pa tebulo, kutali ndi minda

Lamulo lakale lakuti woyera ndi wa nsomba ndipo wofiira ndi wa nyama si labodza, koma ndi lopereŵera. Chimene chimalamula ndi kaphikidwe ndi msuzi. Nkhuku yowiritsa yothira ndimu ikufuna woyera wopepuka. Yomweyo mu msuzi wa kirimu ikufuna Chardonnay wolemererapo. Yomweyonso mu tomato ikufuna Sangiovese, ndipo yowotcha pa makala itha kulandira wofiira wa thupi. Muziyamba ndi kudzifunsa kuti pa mbaleyo chimene chikumveka kwambiri n'chiyani, kenako mufananize kulemera: chakudya chopepuka ndi vinyo wopepuka, cholemera ndi wolemera.

Mafuta ali ndi mankhwala awiri, tanini kapena asidi. Pa nyama yofiira gwiritsani ntchito tanini. Pa zokazinga m'mafuta ambiri, asidi ndi thovu ndiye zimatsuka m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake Champagne, kapena Cava wa ku Spain ndi Cap Classique wa ku South Africa amene amapangidwa mwa njira yomweyo yowiritsa kachiwiri m'botolo, amakoma modabwitsa ndi tchipisi ndi nkhuku yokazinga. Anthu amamusungira keke ya pa chikondwerero, kumene ndi kumuononga, chifukwa wolembedwa Brut shuga wake safika magalamu 12 pa lita ndipo keke imamusiya wowawasa. Pa keke tengani wolembedwa Demi-Sec, amene ndi wotsekemera. Samalaninso ndi wolembedwa Extra Dry, amene ngakhale dzina lake likumveka choncho, ndi wotsekemerako kuposa Brut. Pa zotsekemera zonse lamulo ndi limodzi: vinyo atsekemere kuposa chimene chili pa mbale, apo ayi imwani khofi.

Tsabola ndi amene ndinkakangana naye anthu kwambiri pa ntchito. Munthu aitanitsa chakudya chowawa, n'kufuna wofiira waukali wa 15 peresenti kuti afanane mphamvu. Zotsatira zake ndi moto pa moto. Chakudya cha tsabola chimafuna mowa wochepa, tanini wochepa, shuga pang'ono ndi kuzizira, ndiye Riesling wa ku Mosel uja. Gewürztraminer wa ku Alsace kapena vinyo wa pinki wozizira nawonso amathandiza. Komabe alipo anthu amene amakonda kuotchako, ndipo ngati ndinu mmodzi wa iwo, pakamwa ndi panu.

Nsomba ndi wofiira wa tanini wambiri nthawi zambiri zimasiya kakomedwe kachitsulo ndi fungo la nsomba lokhalitsa pakhosi. Koma nsomba yamafuta yowotcha, monga salimoni kapena tuna, imayenda bwino ndi wofiira wopepuka monga Pinot Noir kapena Beaujolais woziziritsa pang'ono. Tchizi nachonso anthu amangochiperekera wofiira mwachizolowezi, pamene zambiri, makamaka zofewa ndi za mkaka wa mbuzi, zimakoma ndi woyera. Wofiira musungireni tchizi cholimba chokhalitsa. Saladi wothira viniga wambiri amapha vinyo, ndiye ngati mukuphika nokha thirani ndimu m'malo mwake. Mazira ndi katsitsumzukwa ndi zovuta, apo tengani woyera wowawasa wosalowa mu mgolo.

Kutentha kwa vinyo kumasintha zambiri kuposa mtengo wake. Wathovu akhale pa madigiri 6 mpaka 8, woyera pa 8 mpaka 12, wofiira wopepuka pa 12 mpaka 14, wofiira wolemera pa 16 mpaka 18. Ambiri amamwa woyera wozizira mopitirira, fungo n'kubisala, ndi wofiira wofunda mopitirira, mowa n'kumaotcha. Woyera mutulutseni mu firiji mphindi 20 musanathire, wofiira mulowetsenimo mphindi 20 zomwezo. Tambula musaidzaze, ifike pamene yatambalala kwambiri kuti pakhale malo ozunguzira. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu, ndipo pa chakudya cha anthu anayi ndi lokwanira bwino.

M'malo odyera, woperekera akakuthirirani pang'ono kuti mulawe, sakufunsa ngati mwamukonda vinyoyo, akufunsa ngati ali bwino. Nunkhizani. Akamveka ngati katoni yonyowa kapena chipinda chachinyontho, chotsekera chake chamuononga, ndipo muli ndi ufulu wonena kuti abweretse botolo lina. Akamveka ngati viniga kapena apulo wodulidwa dzulo, mpweya unalowa. Chotsekera chopotokola si chizindikiro cha vinyo wachabechabe, opanga ambiri abwino a ku New Zealand ndi Australia anachisankha dala pothawa vuto la katoni yonyowa lija. Ngati mndandanda wakukulirani, muuzeni woperekerayo zimene mwaitanitsa, vinyo mmodzi amene munamukondapo, n'kuloza ndi chala mtengo umene mukufuna pa mndandandawo. Wodziwa ntchito amamva popanda kutchula ndalama pamaso pa alendo anu.

Wotsala m'botolo mutsekeni n'kumuika mu firiji, wofiira yemwe. Ambiri amakhala bwino masiku atatu, ena mpaka asanu, koma wathovu safika patali ngakhale mutamutseka ndi chotsekera chake chapadera. Tsiku lachiwiri mulaweninso ndi chakudya china chosiyana ndi cha dzulo, mulembe m'kabuku kaja chimene chasintha.